Chaka Chimene Bambo Anandiviika M'bwato

Kwathu kunali m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta, komwe ukaima padoko mapiri a kwa Apwitikizi amaoneka ngati ali kuseri kwa nyumba. Ndikukumbukira fungo la kumeneko kuposa china chilichonse: utsi wa milamba yowamba, matope a m'mabango, ndi nsungwi zonyowa zimene bambo anga, a Jafali, ankaviika pafupi ndi khonde. Iwo ntchito yawo inali yoluka miono yokolera nsomba. Dzina lawo sankatha kulemba, koma ukawapatsa nsungwi ankangoipinda pang'ono pafupi ndi khutu, n'kukuuza ngati idzalukika kapena idzathyokera m'manja.

Ine Asiyatu ndinali mwana wachitatu, koma pa nthawi ndikunenayi ndinali nditatsala ndekha. Achimwene anga Amidu anamwalira ali ndi zaka zinayi, achemwali anga Patuma asanakwanitse zisanu ndi chimodzi, onsewo mu Juni, mwera ukuwomba. Matenda ake ankayamba chimodzimodzi: manja ndi mapazi kutupa, maso kuchita chikasu, kenako kulira kosatonthozeka kuti mafupa akuphwanya. Inenso ndinali nawo. Pa zaka zisanu ndi zitatu ndinali kamtsikana koonda ka mimba yaikulu, mphini thupi lonse, zithumwa m'khosi ndi m'chiuno moti ndikamathamanga ndinkamveka ngati mbuzi ya mabelu. Juni wapitayo ndinapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Mayi anga, Abiti Saidi, Meyi akamatha ankasiya kuseka, ndipo ine ndinkadziwa chifukwa chake ngakhale kuti panalibe ankandiuza.

Njala yaikulu ya nthawi ya atsamunda ija itangodutsa, chimanga chikuuma m'minda, kunabwera galimoto kuchokera ku Zomba. Munali mzungu wamtali wosupuka mphuno ndi dzuwa, ndi womuthandiza wake, a Mateyu, bambo wa ku Utale wovala yunifolomu yoyera. Mzunguyo anali dokotala koma sanabweretse mankhwala. Ankangofuna kadontho kamodzi ka magazi a mwana aliyense, basi, n'chifukwa chake tinamupatsa dzina loti a Kadontho. Theka la mudzi linathawira m'mabango poti kwabwera opopa magazi. Bambo sanathawe. Anati udzudzu wa ku Chiuta umatenga zoposa pamenepo tsiku lililonse popanda ndi odi yemwe, tsono munthu wochita kupempha kadontho kamodzi angakhale woopsa bwanji? Anandigwira dzanja n'kupita nane pansi pa mtengo wa mango pamene alendowo anayala tebulo lawo.

A Mateyu anandibaya chala, n'kudonthetsera magaziwo pa kagalasi, n'kuvundikira ndi kagalasi kena kopyapyala, kenako anamata m'mbali monse ndi vaselini kuti mpweya usalowe. Anati tibwere mawa lake. Titabwera tinapeza a Kadontho atawerama pa chitsulo chakuda chokhala ngati chitoliro, chimene pansi pake panali kalilole wokolera dzuwa. Ankaika kagalasi, kusuzumira, kuchotsa, kuika kena, nkhope ili gwa. Atafika pa kanga anaimba mluzu. Anaitana a Mateyu, nawonso anasuzumira, awiriwo n'kumalankhula Chingerezi mothamanga ngati anthu amene atola chikwama pamsewu.

Bambo zinawanyansa. "Mukusangalala chiyani m'magazi a mwana wanga?"

M'malo moyankha, a Kadontho anasuntha n'kuwakodola kuti adzionere okha. Bambo anavula kofia, n'kutsinzina diso lomwe ankayenera kuonera, ndipo ananena molimba mtima kuti m'magazi mwanga muli mdima wokhawokha. Atawakonza, anayamba awaonetsa magazi a a Mateyu, kenako anga. Inenso anandinyamula kuti ndione. M'magazi a a Mateyu munali tinthu tozungulira bwinobwino ngati mphodza. Mwa ine munali tinthu tokhota ngati zenga, tina tosongoka, titapingasana. Masiku ano amati maselo, koma a Mateyu ankati timbewu ta magazi.

"Mwaona kusiyana, bambo?" anatero a Mateyu. "Tozungulirati ndi tofewa. Tikafika pa mtsempha wopanikiza timadzipinda n'kudutsa. Ta mwana wanuyu timauma n'kukhota, ndiye timakodwa ngati milamba pakhomo pa mono. Pamene takodwapo ndi pamene pamamuwawa."

"Mankhwala ake?"

"Iyayi, palibe. Ngakhale kwawo kwa azunguwa kulibe. Akungofufuza kaye."

Bambo anakanda ndevu. "Mwati timauma?"

"Eya."

"N'kukhota?"

"Eya."

"Basi. Sikomo kwejinji." Atathokoza m'Chiyao choncho, anavala kofia yawo n'kundikoka dzanja, akuyenda ngati munthu amene waiwala mphika pamoto.

Panjira anandifotokozera, kapena tinene kuti ankadzifotokozera okha ine ndikumvera. Azungu, ankatero, amadziwa kuona koma sadziwa kugwira ntchito. Chinthu chouma ndi chokhota ngakhale mwana wa woluka miono amadziwa chochita nacho: umachiviika m'madzi kuti chifewe, n'kuchifunditsa kuti chimvere dzanja. Iwo anali atawongola nsungwi zosawerengeka, tsono timbewu tosaoneka n'komwe tingawakanike? Kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo ine ndinali ndidakali nsungwi yanthete.

Tsiku lomwelo anaitana amuna anayi n'kukakoka bwato lakale losweka kumutu limene linkawolera padoko. Analiika pabwalo, pakati pa nkhokwe ndi khola la nkhuku, n'kumata ming'alu ndi nsanza ndi phula. M'mawa mwake dzuwa litakwera, mayi anatereka mitsuko itatu, bambo n'kumathira madzi otentha ndi ozizira m'bwatomo, akuyesa ndi chigongono. Atakhutira anandiuza kuti ndilowe ndi kansalu kanga. Ndinakhala mmenemo madzi ali m'khosi, nkhuku zikundiyang'ana ndi diso limodzi, mpaka zala zanga zinachita makwinya ngati za nkhalamba.

Kuviika kunja kokha anati sikukwanira, popeza timbewuto tili mkati. Choncho anandimangirira chipanda cha madzi m'khosi, pamwamba pa zithumwa zija, ndipo chinkayenera kutha kanayi dzuwa lisanalowe. Aliyense wondipeza, kaya ndikusewera phada kaya ndikusenda chinangwa, anali ndi ufulu wonena kuti, "Asiyatu, imwa." Ndinkangokhalira kuthamangira kuthengo, ndipo za mphasa yanga m'mawa sindinena, mayi ndiwo ankaiyanika kuseri kuti anthu asaone. Kunyanja anandiletsa kuponda. Ndikatuluka m'bwato ankandikulunga m'masaka awiri, limodzi loboola pamutu, ndiye ndinkayenda m'mudzi ngati thumba la mtedza lomera miyendo. M'mawa uliwonse ankandigwira zala n'kuzipinda pang'onopang'ono pafupi ndi khutu lawo. "Magazi akufewa," ankauza mayi. Mayi ankangoti amene akufewa ndi iwo mayiwo, poti ankayenda mtunda wautali kukafuna nkhuni zotenthetsera bwato lathunthu.

Mbiri inawanda kuti a Jafali mutu wasokonekera, ayamba kuphika mwana. Anthu ankabwera dala kudzaona, ena kumafunsa ngati abweretse mchere. Ogula nsomba a panjinga anaitenga nkhaniyo n'kukaituliza ku Ntaja itanenepa, ndipo pofika ku boma inali yoti ku Chiuta kuli munthu wadya kale ana awiri, wachitatu ali pamoto. Tsiku lina masana kunatulukira mesenjala wa boma wa chipewa chofiira, thukuta lili kamukamu, atapalasa njinga kuchokera m'bandakucha. Anandipeza m'bwato ndikudya chinangwa chootcha, nthunzi ikufuka. Anaima kakasi, n'kundifunsa ngati ndikupsa. Ndinati iyayi. Anapisa chala m'madzimo, n'kupisanso dzanja lonse. Bambo anamufotokozera za timbewu tokhota, akujambula pansi ndi kamtengo. Sindikudziwa ngati anamva, koma anakhala pamphepete pa bwato, anamasula nsalu zokulunga m'miyendo zija, n'kuviika mapazi ake otupa kumchira, ine ndili kumutu. Tinakhala choncho mpaka madzi anazizira, ndipo pochoka mayi anamupatsira milamba iwiri.

Ine zonsezi zinkandichititsa manyazi osaneneka. Anzanga ankanditcha Ndiwo. Ndiye tsiku lina pakati pa Juni, bambo atapita kukavuula miono, ndinavula masaka, ndinabisa chipanda m'nkhokwe, n'kutsatira atsikana anzanga kukakokota matemba ndi nsalu. Madzi anali ozizira ngati mpeni, mwera ukuwomba, koma ndinasangalala kwambiri tsiku limenelo. Ndinaseka, ndinagwa m'matope, ndinali mwana ngati ana ena onse. Pofika madzulo miyendo inayamba.

Ululu umenewo sindinaupezerebe mawu. Zimakhala ngati wina akukhoma msomali mkati mwa fupa, osafulumira. M'mawa mwake manja anali atatupa, ndipo ndinamva mayi akulira kuseri kwa nyumba kulira kumene ndinali nditakumvapo kale. Bambo sanandikalipire, ngakhale kuti matemba anga anawapeza. Anandinyamula n'kundiika m'bwato. Masiku anayi sanapite kunyanja, nsomba zinawolera m'miono. Nkhuni zitatha anagwetsa khola la nkhuku, kenako anayamba kusonkhezera nsungwi zawo zimene anasankha ndi kusenda chaka chonse. Ankakhala pa kampando, chigongono chili m'madzi, dzanja lina likundimwetsa pang'onopang'ono, ndipo dzuwa likapendeka ankandikulunga n'kundigoneka pafupi ndi moto. Tsiku lachitatu ndinatsegula maso n'kuona misozi ikutsikira m'ndevu zawo. Ankalankhula chapansipansi, osati ndi ine ayi, koma ndi timbewu tija. "Fewani, inu. Ndakulakwirani chiyani? Awiri aja sanakukwanireni?"

Tsiku lachisanu ndinapempha phala. Mayi anachita kugwetsa chikho. Juni anatha, Julayi anatha, ine ndikadali moyo, ndipo masaka aja sindinawavulenso popanda kuuzidwa.

Kutayamba kutentha, a Kadontho ndi a Mateyu anabweranso. Bambo anali oyamba pamzere, atavala mkanjo wawo wa pa Ijumaa wopitira kumzikiti, kumbuyo kwawo kuli khamu la anthu omwe ankawaseka aja. Ankafuna aliyense aone ntchito ya manja awo. Anandibaya, anamata vaselini, tinadikira tsiku limodzi. Bambo anavula kofia, anatsinzina diso loyenera, n'kusuzumira. Anakhala nthawi yaitali. Timbewu tonse tinali tokhota monga kale.

Anayamba ndi kukangana. Anati galasilo ndi lokhota. Kenako anati munthu aliyense mutamutsekera usiku wonse mopanda mpweya angadzuke atapindika, choncho andibayenso aone magazi a pompopompo. A Mateyu atamasulira, a Kadontho anaseka n'kugwedeza mutu kuti bambo akunena zoona, ndipo anachitadi zimenezo. Ulendo uno tozungulira tinalipo tambiri, koma tokhota tija tinali pomwepo pakati pawo, tili phee.

"Sitiwongoka, bambo," anatero a Mateyu mofatsa. "Anabadwa nato, adzakhala nato moyo wake wonse."

Ndinaona mapewa a bambo akugwa. Anthu aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, osaseka. Koma a Kadontho anali kundiyang'ana ine. Anatsegula buku lawo, n'kuuza a Mateyu kuti afunse chimene bambo anachita kuti mwana wa magazi otere adutse chisanu ali wonenepa kuposa mmene anamusiyira. Bambo anayankha monyinyirika, ngati munthu wofotokoza za mono umene sunakole kanthu. Mzunguyo analemba zonse, za chipanda, za masaka, za kunyanja. Anapempha kukaona bwatolo, analizungulira kawiri, mpaka analiyeza ndi tepi. Pomaliza anati bambo asasiye.

"Ndiye kuti timbewuti sitiwongoka, koma ndisasiye?" anafunsa bambo.

"Ndi mmene akunenera," anatero a Mateyu.

Bambo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chabwino. Nsungwi yokana kuwongoka sititaya, timapangira mkombero wa pakhomo pa mono. Asiyatu, imwa."

Zinthu zinasintha. Lero ndikapita kuchipatala amanditenga magazi n'kulowa nawo m'chipinda chotseka, ine n'kungolandira pepala ndi mapilitsi. Matendawa ali ndi dzina, ali ndi tsiku lake la sikelo, ndipo ana ambiri obadwa nawo akukula mpaka kukwatiwa. Ndimathokoza. Anamwino aang'ono, a msinkhu wa ana anga, amandilangiza mwaulemu kuti ndizimwa madzi ambiri ndiponso ndizipewa kuzizidwa, ine n'kumavomera ngati nkhani yachilendo. Chimene chimandiwawa ndi azibambo amene ndimawaona ataima panja pa wodi ya ana, manja ali kumbuyo, osadziwa chimene chikudya mwana wawo. Palibe amawakodola kuti bwerani mudzaone.

Bambo anandiviika chisanu chilichonse mpaka ndinakula, ndipo sanavomereze mumtima kuti timbewu tija sitingawongoke. Atakalamba, maso atachita khungu, ankandigwirabe zala ndikapita kukawaona, n'kudandaula kuti pa ntchito zonse za manja awo, imodzi yokha ndiyo inawakanika. Sindinkawatsutsa, chifukwa a Jafali sankatsutsika. Anamwalira mu Juni, mwera ukuwomba, ndipo pa maliro awo amene ankalira kwambiri ndinali ine, mayi wa ana atatu, imvi zitayamba kale kumera.