Sajeni Woyeza Mimba

Inu amene mwakankhidwira pakona kuntchito, imvani iyi.

Mayi wina, sajeni wa asilikali, atalepheranso mayeso okwezera udindo, anamutumiza ku gulu limene anzake ankalitcha chigoba. Gulu lotere limakhala ndi asilikali ochepa chabe osunga malo ndi katundu. Ena onse amakhala kwawo, wina akuphunzitsa, wina akuyendetsa basi, mpaka ataitanidwa nkhondo ikayandikira.

Anapeza zipinda zodzaza mabedi opanda ogonapo. Anakhala pa bedi limodzi n'kulira, chifukwa anadziwa kuti amutaya.

"Ndiye mlongo wanga ukulamulira matiresi?" anamuseka achimwene ake, amene analinso mmodzi wa odikira kuitanidwawo. Poseka, mimba inkagwedezeka pamwamba pa lamba.

Sajeniyo anayang'ana mimbayo n'kuzindikira vuto. Yunifolomu ya achimwene akewo, yopindidwa bwinobwino mosungira katundu, inali ya nthawi imene anali mnyamata wowonda. Mayunifolomu a ena onse analinso choncho. Ndipo lamulo linali lakuti gulu likalephera kuvala ndi kufola pa nthawi yake, lithetsedwe, anthu ake amwazidwe m'magulu ena. Kunkhondo ukavulala pakati pa anthu osakudziwa, akubwerere ndani?

Anagula tepi ya atelala n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kuyeza asilikali odikira kuitanidwa aja. Sizinali zophweka ayi.

"Mukufunanji m'chiuno mwa amuna anga?" anafunsa mayi wina ataima pakhomo, manja m'chiuno.

Azibambo nawonso ankabweza mimba mkati mwamanyazi. "Pumani, bambo, sindinabwere kudzakufunsirani ukwati," ankatero iye.

Akabwerera, ankamasula misoko, kuwonjezera nsalu, kupempha nsapato zazikulu kumagulu ena. Chaka chikatha ankayambiranso, poti mimba sidikira munthu.

Kenako mawu a pawailesi anasintha: nkhondo inali itayandikira. Anthu anaitanidwa.

Tsikulo sajeniyo analawirira. Anaima pakhomo posungira katundu akupereka zovala, khutu lili tcheru kumvetsera ngati msoko wina ung'ambike. Anthu anavala, nsapato zinalowa, mizere inadzaza. Panatsala malo amodzi. Achimwene ake anali adakali mkati, thukuta kamukamu, akulimbana ndi thalauza.

"Achimwene, mwadyanso chiyani?" anafunsa sajeniyo. "Kokerani mpweya mkati, chonde."

Batani linalowa movutikira. Achimwenewo anathamangira pamzere galimoto ya mkulu wa asilikali ikulowa pageti.

Mkuluyo anayenda mzere ndi mzere akuyang'ana aliyense. Atafika kumapeto anatembenuka n'kunena kuti, "Gululi lipita limodzi. Sajeni, ukwera nawo kutsogolo."

Palibe anaomba m'manja. Kumene ankapita kunali koopsa, ndipo aliyense ankadziwa. Koma pokwera malole, aliyense anakhala pafupi ndi munthu womudziwa dzina, mkazi ndi ana.

Inunso, ngakhale akuikeni pamalo poiwalika, fufuzani chimene chingadzavute ndipo chikonzeni lero. Musagwe ulesi. Pali anthu amene akudalira manja anu, koma sanadziwebe.