Sikelo Yanga ya Mbatatesi

Sikelo imene ndinkagulitsira mbatatesi pa Nsipe inkawonjezera makilo awiri, ndipo ine ndinkadziwa. Tsiku lina Ganizani, katswiri wathu wa nkhonya m'gulu la anthu opepuka thupi, anabwera kudzadziyeza mpikisano uli pafupi. Anagwira ngowe ya sikelo n'kupinda miyendo, kulendewera ngati thumba.

"Achimwene, ndanenepa chonchi? Akandiletsatu kumenya!"

Makasitomala anali pomwepo, nanga ndikanati chiyani? Ndinangoti, "Chepetsani tchipisi, bwana."

Munthu uja ankathamanga tsiku ndi tsiku kuchoka pa Nsipe mpaka pa Boma kwa masiku anayi, akudya nthochi zokha. Mpikisano uja anapambana, lamba anabwera naye ndithu, ndipo mpaka lero amanditamanda kuti ndinamupulumutsa. Sikelo ija ndinakonza, koma kumuuza zoona ayi. Nkhonya zake ndinaziona ine.