Kebulo ya Ndege ya Agogo Laimoni

Mpaka lero, petulo akandinunkhira pamodzi ndi makoko a manachesi, ndimaona agogo anga aamuna, a Laimoni, atagwada pansi pa ndege yawo kuseri kwa nyumba yathu ku Ligowe, kawaya kali kukamwa, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi imene sankaimaliza. Inde, ndege. Anaipanga okha ndi mapaipi, malata akale, matayala a wilibala ndi injini imene anachotsa pa njinga yawo yamoto, ndipo chopalasa mphepo chakutsogolo anachisema ndi mtengo wa mbawa. Ali mnyamata ankatsuka kandege kopopera mankhwala pa esiteti ina. Matenda a ndege anawatenga kumeneko, ndipo zaka zonse zimene anakhala akukonza zigayo sizinawachize.

Ine ndinakulira pakhomo pamenepo, mayi anga ali kuntchito ku Blantyre, ndipo ndinene zoona, ndegeyo ndinatopa nayo ndisanafike Sitandade 5. Utsi wake unkalowa m'zovala zoyanika, phokoso lake linkabalalitsa nkhuku, kusukulu anzanga ankatambasula manja ndikamadutsa n'kumati, "Patukani, mdzukulu wa payiloti akutera."

Chimene chinkawasowetsa mtendere agogo chinali kebulo ya moto, waya uja amene ukamukoka injini imalira kwambiri. Ya njinga yamoto inali yaifupi, sinkafika pampando. Analumikiza ziwiri za buleki ya njinga yakapalasa, akuti zinkatamuka. Anakasakasaka ya kilatchi ya galimoto yakufa ku Lisungwi n'kuidutsitsa m'paipi yamadzi, akuti inkalimba pokhota. Chogwirira chokokera kebuloyo anachichotsa kumanja kupita nacho kumanzere, kenako n'kuchibwezanso. Sabata yonse ankakhalira zimenezi, manja bii ndi gilisi. Loweruka likafika ankamangirira mchira wa ndege ku mtengo wa manachesi ndi chingwe cha ng'ombe, n'kukwera, n'kukoka chogwirira mpaka pamapeto. Ankati tsiku limene chingwecho chidzakungike, adzaikankhira ndegeyo kubwalo la mpira n'kuuluka. Koma injini inkangolira theka, chingwe chili lende.

"Yatsala pang'ono," ankatero potsika. "Kebuloyi ndi imene ikundinyenga."

Agogo aakazi, aNamaseko, sankawatsutsa. Ankangoti, "Pitirizani bambo, mwina Loweruka linalo."

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, m'mawa wina chimanga chitangoyamba kuuma m'munda, agogo aakazi anandiitana ndikusesa. Anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo n'kutulutsa kasipanala ka nambala eyiti. Anandilozera kabawuti kamene kankapana nsonga ya kebulo pa injini. Anati ndikamasule, ndibweze waya utali wa chikhadabo, ndimangenso. Ukatero, ngakhale munthu akoke chogwirira mpaka kuthyola, moto wonse sungafike.

"Zaka zinayi ndakhala ndikuchita zimenezi m'mawa uliwonse," anatero. "Agogo akowa mutu wawo uli kumwamba, koma mafupa ndi apansi pano. Chingwe chija chikadzakungika tidzakawatola kuchigwa ndi lichero."

Ndinafunsa chifukwa chake ankandipatsa ine. Anakweza chitenje pang'ono. Miyendo yawo inali itatupa, khungu likunyezimira, ndipo anati akagwada ankalephera kudzuka.

"Usawauze, Esinati. Za sipanala, ngakhale za miyendoyi. Angangodandaula chabe."

Ndinamvera, paja mawu a akulu sitinkawabwezera. Nyengo yonse yozizira ndinkadzuka nkhungu isanachoke m'mapiri, kugwada pa mame, kumasula kabawuti zala zitauma gwa, kenako kumjigo, kenako kuphika, kenako kusukulu nditachedwa. Agogo aakazi ndinkawatulutsa ndi kuwakhazika pamkeka pakhonde, miyendo atafunditsa, chimanga chotongola chili pambali kuti azioneka ngati ali pantchito. Agogo aamuna akafunsa, yankho linali lakuti, "Ndi kuzizira chabe, bambo."

Mayi a Tereza, oyandikana nafe nyumba, anabwera tsiku lina n'kuima pafupi ndi phiko la ndege, manja m'chiuno.

"A Laimoni, kodi mayiwa mukuwaona bwinobwino? Kapumidwe kaja si kabwino. Apititseni kuchipatala."

Agogo anaseka osatukula ngakhale mutu. "Aaa, amenewo ali ndi mphamvu kuposa ine. Musadandaule, ine ndili ndi podziwira panga."

Ndinawakwiyira kwambiri tsiku limenelo. Ndinkaona ngati munthu wakonda malata kuposa mkazi wake.

Loweruka lina mu Ogasiti sindinamasule kabawuti. Sindinaiwale ayi, ndisaname. Ndinadzuka, ndinaiona sipanala, ndinaona zala zanga zong'ambika ndi kuzizira, mumtima n'kuti basi, zikhale mmene zikhalire, ndatopa ine. Dzuwa litakwera agogo anamanga chingwe chawo n'kukwera. Atakoka chogwirira, injini inabangula mmene sinachitirepo, fumbi kobo pabwalo, zovala zinachoka pachingwe choyanikira, chingwe cha ng'ombe chinakungika nga, mtengo unagwedezeka mpaka manachesi kumagwa. Ndinagwira pamtima. Ndinadziwa kuti ndawapha agogo anga.

Koma iwo sanakuwe ndi chimwemwe. Anazimitsa injini nthawi yomweyo, n'kutsika, ndegeyo osaicheukira, n'kuthamangira kukhonde motsimphina.

"ANamaseko! Lero simunadzuke?"

Anagwada n'kuchotsa chitenje chimene chinafunditsa miyendo ija. Anaika dzanja lawo lagilisi pa phazi lotupalo.

"Zayamba liti izi?"

Agogo aakazi anayang'ana kumbali. Ndinayankha ndine, ndikulira, kuti kuyambira chimanga chisanakololedwe amene ankamasula kabawuti ndinali ine.

Agogo aamuna anakhala pansi pa dothi. "Ine m'mawa uliwonse ndimapita kukaona kabawuti kaja," anatero pang'onopang'ono. "Ndikapeza kakhudzidwa ndimati mayi adzuka, ayenda, agwada, aimiriranso. Ndiye kuti ali bwino. Podziwira panga panali pamenepo. Lero lokha ndinakwera ndisanakaone."

"Ndiye munkadziwa nthawi yonseyi?" anafunsa agogo aakazi.

"Sipanala yanga isowe zaka zinayi, inu n'kumayesa ndine mwana?"

"Nanga makebulo onse aja munkasinthiranji?"

"Munthu amafuna chodzukira, mayi. Inu munali ndi chanu, ine changa."

Madzulo asanafike injini inali itatsika pa ndege. Anaibwezera pa njinga yamoto imene inakhala zaka ili pa njerwa, ndipo kebulo yaitali ija, imene anaivutikira nthawi yonseyo, anaiika pamwala n'kuidula ndi tchizulo kuti ikwane pa njinga. M'mawa mwake Mayi a Tereza anatithandiza kukweza agogo aakazi, tinawamangirira kumsana kwa amuna awo ndi zitenje ziwiri, n'kunyamuka pang'onopang'ono pamsewu wathu wamabampu uja. Kuchipatala chapafupi anawatumiza kuchipatala chachikulu cha kuboma. Kumeneko anati mtima unali utatopa kale. Anakhala masabata atatu, ndipo anabwera kunyumba ali m'bokosi.

Agogo aamuna sanandidzudzule, ngakhale kamodzi. Mwina zikanakhala bwino akanandikalipira. Maliro atatha ndinawabwezera sipanala ija, iwo anaiyang'ana n'kuti, "Anakupatsa iwe, sunga." Injini sinabwererenso pa ndege. Udzu unamera m'matayala, nkhuku zinayamba kuikira pampando, ndipo ana akusukulu anasiya kunditambasulira manja. Agogo anakhalanso zaka zingapo akukonza njinga za anthu pansi pa mtengo womwe uja, koma ankadzuka dzuwa litakwera, ndipo nyimbo ija sindinaimvenso.

Pano ndimasoka zovala ku Lisungwi, ndili ndi ana anga, nsana nawonso wayamba kundiuza zaka. Sipanala ija ili m'kadilowa ka makina, pamodzi ndi masingano. Nthawi zina ndikamafuna ulusi ndimaigunda ndi chala, n'kuyamba kuwerenga miyezi: Epulo, Meyi, Juni, Julayi. Miyezi inayi ndinkadzuka m'mawa kukawauza agogo aamuna bodza lakuti mkazi wawo ali bwino, ine ndikuyesa ndikupulumutsa munthu. Ndinatopa mochedwa.

Mayi anga akalamba tsopano, akadali ku Blantyre. Ndikawaimbira foni amati, "Ndili bwino mwanawe, ndi kuzizira chabe." Ndikamva choncho ndimavundikira makina, n'kukwera minibasi, kukawaona miyendo ndi maso anga.