Kumbuyo kwa Adalaiva

Ndinalowa kalabu ya ndale ya kwathu ku Nkolokosa chifukwa cha apongozi anga. Iwo ndiwo ankayambitsa nyimbo pamisonkhano. Ntchito yanga inali kuwanyamulira mpando n'kukakhala kumbuyo, mwana ali kumsana. Sukulu ndinalekezera kupulayimale, ndipo pagulu mawu amandithawa.

Chaka chimenecho kunali chisankho cha makhansala, wadi iliyonse kusankha wakewake. Kalabu yathu inagwirizana zopeza munthu mmodzi woti tonse timuchemerere ndi kumuyendera khomo ndi khomo. Anadzipereka anthu awiri. Woyamba anali amalume a amuna anga, mlongo wawo wamng'ono wa apongozi, amene ali ndi shopu ku Limbe ndipo anasamukira ku Chichiri kalekale. Wachiwiri anali adalaiva a minibasi, Msilamu wofatsa, wokhala tsidya la kamtsinje kathu.

Kamtsinjeko ndiko kankandivutitsa maganizo. Mlatho wake unali wa matabwa ofumbwa, ndipo popita kusikelo njira ndi yomweyo. Tsiku lina mvula itagwa ndinatererekapo, ndinagwada pathabwa mwana akulira kumsana. Adalaiva ankawoloka pomwepo m'mawa uliwonse. Amalume anali asanapondepo, galimoto yawo imathera pamsewu wa tala.

Chovuta chinali kasankhidwe. Kukalabu sitivota mobisa. Opikisana amaima kutsogolo atatipatsa msana, aliyense n'kukaima pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna. Ukaima, onse akuona. Tsono ine ndimakhala pakhomo pa apongozi, ndiwo timagawana mbale imodzi.

Tsiku losankhalo, tili panjira, apongozi anandifunsa, "Amake mwana, koima mukukudziwa eti?"

"Ndikukudziwa, amayi."

Tinakumana pabwalo la sukulu Loweruka masana. Amalume anabwera atatchena suti. Adalaiva anachokera kuntchito, manja ali oyilo. Mayi wina wogulitsa mandasi anawafunsa, "Adalaiva, mzere wanuwu tipanikizana anayianayi ngati mu minibasi?"

"Anayianayi, mayi, koma lero ndi ulere," anayankha, anthu n'kuseka.

Wapampando atayimba wezulo, anthu anabalalika, uyu uku, uyu uko. Apongozi anapita kwa mlongo wawo akuimba. Ine ndinatsala pakati. Kenaka ndinawerama, ndinayenda osayang'ana munthu, mpaka kumapeto kwa mzere wa adalaiva.

Nyimbo ija inaduka. Ndinamva mapazi akubwera, ndipo ndinawadziwa.

"Mwanayu chipewa chapendama, dzuwali simukuliona?" anatero apongozi.

Anayamba kukonza chipewacho ali kumbuyo kwanga. Anachimanga, n'kuchimasula, n'kuchimanganso. Bambo wowerenga anthu anafika, anandigunda paphewa, kenaka anaima.

"Mayi, kodi muli mzere uno?"

"Ndili ndi mdzukulu wanga. Inu pitirizani ntchito yanu."

Bamboyo anawagunda paphewa nawonso, n'kudutsa.

Mizere inali yotalika mofanana ndithu, koma anapambana ndi adalaiva. Amalume si munthu wosunga mkwiyo. Anawagwira chanza anzawowo, kenaka anabwera kwa ife akupukusa mutu.

"Achemwali, ndinakuonanitu."

"Unaona chipewa," anayankha apongozi. "Ukafuna voti yanga, udzabwere wapansi nthawi ya mvula, udzawoloke pamatabwa paja ndi suti yakoyo."

Amalume anaseka mpaka kupukuta misozi.

Pobwerera ndinkadikira kukalipiridwa. Apongozi anangondilanda mpando n'kuusenza okha. Titayandikira kunyumba anati, "Mawa tiyambira makomo a tsidya lija. Ine ndikaimba, inu mukafotokoze za mlatho."

"Ine, amayi? Sinditha kulankhula."

"Munagwa ndinu. Mukanene mmene munagwera."

M'mawa mwake tinawoloka pamatabwa paja, apongozi patsogolo. Pakhomo loyamba mawu anga ankamveka ngati a mwana. Pofika chakumasana, apongozi anachita kundikoka chitenje kuti nawonso apeze mpata woimba.