Kalata yanga anaiika pa projector

Anzanga, ine sindimakonda kulemba za moyo wanga pano, koma lero mundipirire.

Ndine Fyness, zaka 19. Chilembereni Form 4 ndimathandiza azakhali anga a Rozina pa shop yawo ya typing ndi photocopy pa boma pano pa Mwanza.

Langton anabwera koyamba mu March, thukuta kamukamu, envelopu ya khaki kukhwapa. Anali mphunzitsi wa English pa sekondale ina kuno, kwawo ku Dedza. Yunivesite ina ku Blantyre imafuna lecturer wophunzitsa anthu a masters kulemba Chingerezi cha ma research, ndiye amafuna ndimutayipire application.

Ndinakanika n'kumuyang'ana komwe. Anandifunsa ngati ndimayankhula kapena pakamwa panga ndi keyboard yomweyo. Ndinaseka... basi zinayambira pompo.

Yunivesiteyo imafunanso aone zomwe iyeyo analembapo. Anabweretsa buku lochita bind, pachikuto pali dzina la Taziona, mnzake wa ku college.

"Tayipa chapter two, dzina uike langa. Tinalembera limodzi."

Ndinakhulupirira. Bukulo ndinalichita scan kuti lisamanditsekekere potayipa.

Loweruka amandiperekeza kwa amayi ku Kanduku, akukankha njinga m'zitunda muja, tikusenda manachesi. Anati ndizimulembera makalata a Chingerezi, apapepala, kuti ndizolowere. Ine wamanyazi, zonse zondikanika pakamwa ndimazithira mmenemo. Zonse anzanga. Ngakhale zoti bambo anga anawoloka malire kupita ku Zobue ndili Standard 5 osabweranso, ndipo ndimaopa kuti iyenso adzandisiya chimodzimodzi.

Mu July anamuitana ku interview. Anamuuza kuti akaphunzitse mphindi 20 pamaso pa panel. Ndinamusitira shati. Ntchito anaipeza.

Sabata yatha anandisiyira flash kuti ndimusindikizire mapepala ena. Munali folder yolembedwa "Demo lesson". Ndinaitsegula ndikumwetulira, kufuna kuona zomwe munthu wanga anakaphunzitsa.

Slide yachitatu inali kalata yanga. Ya bambo anga ija. Kalembedwe kanga, dzina langa pansi, paliponse mizere yofiira. Pamwamba analemba kuti "How NOT to write".

Atabwera kudzatenga mapepala ndinangomutembenuzira screen.

"Langton, ichi n'chiyani?"

Anaseka. "Aaa iwe, panel yonse inafa nalo phwete. Ntchitoyi wandipezetsa ndiwe, uzinyadira."

"Za bambo anga ndi zomwe amaseka?"

Anati ndisamakhale ngati mwana. Kenako anati mwina zili bwino kuti zatere, chifukwa kumene akupitako azikakhala ndi anthu a masters, ndipo ine ndi iye sitili level imodzi. Anatenga flash yake n'kutuluka, azakhali akungomuyang'ana.

Ndinalira masiku awiri. Lachitatu ndinatsegula advert ya ntchito ija, yomwe ndinasunga pa computer. Pa ntchito za lecturer-yo panali yophunzitsa ophunzira kuti asamabe zolemba za anzawo. Pansi pake panali email.

Ndinamupeza Taziona pa Facebook. Anati Langton sanalembepo ngakhale mzere umodzi, bukulo anangobwereka.

Ndiye ndinalemba kalata, anzanga. Ya Chingerezi. Ndekha. Ndinaikamo scan ya buku la Taziona, chapter yomwe ndinatayipa ndi dzina la Langton, ndi nambala ya Taziona, mwini wake atavomera. Dzina langa ndinalemba lonse, n'kuitumiza ku email ya yunivesite ija.

Dzulo Langton wandiimbira kasanu. Kachisanu ndi chimodzi ndinayankha. Akuti amulembera kuti asakayambe ntchito, akaonekerenso kwa panel yomwe ija.

"Fyness, ndani wakulembera kalata imeneyo? Iwe sungalembe choncho."

"Ndalemba ndekha, aphunzitsi. Aimvetsa bwinobwino eti? Kapena nayonso muiike pa projector?"

Ndinadula.

Kundipweteka kukundipwetekabe, sindinama. Koma ulendo uno akakaima pamaso pa anthu aja, pepala lowerengedwa likhala lake.