Chaka Chimene Njira Yathu Inatsekedwa

Chikhomo choyamba chinali chachitsulo, chopakidwa penti yofiira kumutu. Ndinachipeza pakati pa kanjira kathu ka kusukulu, ndipo ndinachizula kuti ndizikumbira mbewa. Amalume anandikoka khutu mpaka linatentha.

Chinali chilimwe, ndili Sitandade 4. Tauni ya Mchinji inkakula kulowera kwathu, ndipo amalume, monga mwini mbumba, anayamba kudula munda wa amayi kukhala mapuloti. Ankayeza ndi mapazi, wogula ali pambuyo. Wina akafunsa za msewu, ankangoloza ndi mlomo: "Muzidzera kwa anzanuwo, si anthu?" Mpaka lero zimandipsetsa mtima, chifukwa msewuwo ukanangodya mizere ingapo ya chimanga.

Utsi wa mauvuni a njerwa unkatiyabwa m'maso tsiku lonse. Njira inkasintha sabata ndi sabata. Lolemba ndadzera kuseri kwa chigayo, Lachinayi ndapezapo khoma, mabotolo osweka ali ndandanda pamwamba. Denga la sukulu ndinkaliona, belu ndinkalimva, koma kufika ndinkafika mochedwa.

"Kodi kwanuko kukumasuntha?" ankatero aphunzitsi. Nanenso ndinkakayikira.

Amayi anali oyembekezera, ndipo matenda anawayamba masana ena. Amalume anaitanitsa galimoto yoti iwatengere kuchipatala. Tinamva hutala kumpoto, kenako kum'mawa, kenako patali zedi. Dalaivala ankangolowa tinjira tothera pa mageti n'kubwerera chambuyo. Amayi anati sangadikirenso. Ananyamuka wapansi atagwira m'chiuno, ine pambuyo ndi beseni ndi zitenje.

Pakati pa ife ndi msewu panali geti lobiriwira. Amayi analiyedzamira, thukuta lili kamukamu, n'kugogoda.

"Odi kuno! Tidutse nawo, chonde."

Galu anauwa. Patapita nthawi mayi wina wachilendo anasuzumira pa kabowo: "Mukufuna ndani?"

Anatsegula ndithu, ndipo anali munthu wabwino, koma nthawi inali itatha. Mng'ono wanga anabadwira m'khitchini mwa mayiyo, pamalo pomwe chaka chathacho tinkakumba mtedza.

Ine ndinakhala panja, beseni lili pamiyendo. Aliyense ankati tili ndi mwayi, tauni yatipeza. Sindinkamvetsa kuti zatheka bwanji kuti amayi achite odi m'munda mwawo.