Mtengo wa Mfuti ya a Jailosi

A Jailosi Makwinja sadziwa kukhala pansi. Ndakhala nawo moyandikana zaka zisanu ndi chimodzi kuno kumtunda kwa Chintheche, ndipo sindinawaonepo atamaliza kapu ya tiyi ali pampando. Kwawo ndi ku Thyolo. Anabwera kudzagwira ntchito yocheka mitengo ya mphira pa esiteti, ndipo amalawirira kuntchito n'kuweruka dzuwa lili pamutu. Zimene ndikulembazi zina ndinaziona ndekha, zina ndinawafunsa eni ake, mwina kawiri, kuopa kuwanamizira.

Munda umene iwo ndi akazi awo, mayi Idah, amalimamo chinangwa si wawo. Anawabwereka ndi Ama Fyness, mayi wamasiye wa mumpingo mwathu, ndipo uli m'malire ndi nkhalango. Chaka chathachi anyani anazula pafupifupi theka la mundawo, atazolowera n'kuyamba kudumphiranso m'munda woyandikana nawo umene Ama Fyness amalima okha. Mayiwa sanakalipe. Anangonena kuti adzayendera munda Khirisimasi isanafike, ndipo akadzapeza anyani akulowabe adzaupereka kwa mphwawo amene ali ndi agalu. Popanda mundawo, malipiro a pa esiteti okha sakanadyetsa banja la anthu asanu.

Nzeru ya a Jailosi inali iyi: kupachika zitini ndi zidutswa za malata m'mitengo ya m'mphepete mwa munda, kenako kumaziwombera ali patali kuti phokoso lizibalalitsa anyani. Ndinene pano kuti kupha nyama sanakulingalire n'komwe. Anapeza mfuti ya mpweya yakale kwa munthu wina ku Mpamba, ya tizipolopolo tating'ono ngati nthanga za mapira. Anapitanso kupolisi kukafunsa zoyenera kutsata, ndipo zimene anauzidwa anachita. Vuto linali lakuti mtengo wake, uja umatsamira paphewa, unali utadyeka ndi chiswe. Zitsulo zokha ndizo zinali bwino.

Munthu amene sanasemepo ngakhale mpini anaganiza zosema yekha mtengo wa mfuti. Anapita kwa Ada Mathews Longwe, mmisiri wa mabwato ku Bandawe, amene anawapatsa chipika cha mlombwa chodulidwa kumene ndi kuwabwereka kasemasema. Anawalangiza kuti achiike kudenga, pamthunzi, miyezi itatu.

"Miyezi itatu? Ada, anyaniwo ndikawauze adikire?"

"Kawauzeni m'Chilomwe chanu chija, mwina amva," anatero Ada Mathews. "Mtengo si usipa, a Makwinja."

Mawu amenewa ndiwo anawapatsa maganizo olakwika. Pobwerera anadutsa pathandala la asodzi n'kuona usipa wa dzulo lake utauma kale gwa. Anasema chipika chija chili chachiwisi masana anayi otsatizana, osapuma, akuyeza ndi mkono wawo, akupala ndi galasi losweka. Chinatuluka chokongola, sindinganame. Kenako anakachigoneka pathandala pakati pa usipa, padzuwa la mu Novembala, asodzi akuseka.

Pa tsiku lachitatu mtengo unali utapindika pang'ono ndi kung'aluka kumapeto. Unkanunkhanso usipa, moti amphaka a m'mudzi anayamba kuwatsatira. Atamangirira zitsulo, zinkagwedera m'malo mwake chifukwa mtengo unali utafota. Anawombera chitini kakhumi ndi kawiri, ine ndikuwerenga, ndipo sanachikhudze. Chipolopolo china chinaboola tsamba la nthochi limene linali kutali ndithu ndi chitinicho.

Sabata imeneyo a Jailosi sankagwirika. Ankamasula, kumanga, kumasulanso. Anayesa kutsekera mpata ndi nsanza, kenako makatoni. Ankafika pakhomo panga, kuima, kuyamba kufotokoza, n'kuchoka chiganizo chisanathe. Kwa Ada Mathews ankachita manyazi kubwererako. Uku anyani anali atazula mizere ina itatu.

Yankho analipeza kuntchito. Pamtengo wa mphira, pamzere umene unachekedwa dzulo lake, pamatsala kachingwe ka utomoni wouma kamene wocheka amayamba wakamatula asanachekenso. Tsiku lina akumatula, anakakoka n'kuona mmene kakubwererera. Anapempha kapitawo kuti atengeko kodzaza dzanja. Kunyumba anayala timizere ta mphirayo m'mphako ya mtengo, n'kukhazikapo zitsulo, n'kumanga. Kugwedera kunatha. Mfuti inkaponyabe chakumanzere pang'ono, koma tsopano inkalakwa mofanana nthawi zonse, ndipo analoweza kuloza kumanja kwa chitini. Chinalira ngwee, anthu n'kutuluka m'nyumba.

Mayi Idah anawasiya asangalale kufikira atatopa. Kenako anawafunsa kuti anyani amabwera nthawi yanji. A Jailosi anayankha kuti m'mawa. Anawafunsanso kuti m'mawa iwo amakhala kuti.

Apa ndiye panali povuta. Amene amalinda munda m'mawa ndi mayi Idah, ndipo anyani akuno akaona chitenje sathawa, amangosuntha pang'ono n'kupitiriza kudya. Mayiwa ndi aafupi. Atatsamiritsa mfuti paphewa, chala sichinafike powombera. A Jailosi anali atayeza zonse ndi mkono wawo wautali.

"Bambo a Diana, dulani kuno," anatero mayi Idah.

"Ndidule? Ukudziwa masiku amene ndapala pamenepa?"

"Ndikudziwa. Ndiye musankhe, chokongolachi kapena munda."

A Jailosi anazungulira nyumba kawiri, sowo ili m'manja. Anabwera kwa ine kudzafunsa maganizo, koma ndisanayankhe anali atabwerera kale. Anadula zala zinayi, mbali imene anali atajambulapo dzina lawo ndi msomali wamoto. Kachidutswako sanakataye, kali pawindo mpaka lero.

Masiku khumi otsatira mayi Idah ankaphunzira masana aliwonse, amuna awo ali kumbuyo akulankhula mosalekeza, mpaka anawapempha kuti azikaima kuseri kwa mtengo wa mango.

Ama Fyness anabwera Lachiwiri m'mawa osanena, a Jailosi ali kuntchito. Izi ndinamva kwa amayi awiriwo, ndipo mawu awo anagwirizana. Anapeza anyani asanu ndi mmodzi akutsika m'nkhalango. Mayi Idah anaphonya koyamba. Kachiwiri lata linalira pamwamba penipeni pa mkulu wa anyaniwo, gulu lonse n'kubwerera likukuwa. Ama Fyness anayendera mizere, anazula tsinde limodzi, n'kuona kuti chinangwa chakhwima bwino. Pochoka anati munda ulimidwenso chaka chamawa, koma zitini zina zipachikidwe cha kumbali kwawo.

A Jailosi atamva sanakhale pansi. Madzulo omwewo anapita ku Bandawe kukabweza kasemasema, n'kubwerako ndi chipika china. Chili kudenga, pamthunzi. Mayi Idah akuti tsiku lililonse amuna awo amakwera pampando kukachigogoda kuti amve ngati chauma, ndipo mwezi woyamba sunathe.